ZA M'MIDZI MWATHU: MADZI A PA MPOPI, AWAPIMA NDANI?

Mwezi wathawu ndinapita kwathu kum'mawa kukaona azakhali anga amene tsopano akalamba. Panali patapita zaka zingapo ndisanapondeko phazi, ndipo cinthu coyamba cimene ndinaona ndisanafike n'komwe pa khomo cinali thanki lalikulu litakhala pa nsanja ya zitsulo pafupi ndi sukulu. Pambali pace panali masola oyendetsa makina opopa madzi, ndipo mapaipi anali atafika pa malo anai m'mudzimo. Kumene kale amai anali kudzuka tambala woyamba kupita ku dambo ndi mitsuko pamutu, lero mwana wa zaka 7 angopotokola mpopi, ndowa n'kudzala. Umenewu ndi mwai waukulu ndithu, ndipo munthu amene anasenzapo madzi mtunda wa makilomita atatu sangaupeputse.

Azakhali anandilandira ndi cikho ca madzi monga mwa mwambo, ndipo ndiri kumwa anati: "Mwananga, ife masiku ano takhala ngati a ku Chipata. Mphika uja ndinali kuphitsiramo madzi akumwa tsopano ndisungiramo nyemba." Ine ndinafunsa kuti, "Nanga azakhali, madzi a pa mpopiwa awapima ndani?" Iwo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Apimenso ciani, mwananga? Kodi suona mmene ayerera? Awa si madzi a pa dambo ai, ndi a m'paipi."

M'mawa mwace ndinapempha mkulu wa komiti ya madzi kuti andiperekeze kutsata paipi kucokera pa thanki mpaka pa mpopi wotsiriza. Mkuluyu ndi munthu wacangu ndi wokhulupirika. Ndiye asonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo buku lace la ndalama liribe banga. Koma nditafunsa za tsiku limene thanki linatsukidwa, anayang'ana pansi. Klorini amene omanga anasiya anatha caka catha, ndipo palibe amene anauzidwa kogula wina. Cibvundikiro ca thanki cinapita ndi mphepo ya mu August, ndipo m'malo mwace anaikapo lata lopsinja ndi mwala. Pa njira yodzera ng'ombe popita ku dambo paipi inali pamtunda, yosweka, yomanga ndi mphira wa njinga, ndipo pa thope limene linapangika pamenepo panagona nkhumba ziwiri. Mkuluyo anandiuza kuti mvula yoyamba itagwa madzi anatuluka a mbuu masiku awiri, ndipo sabata lomwelo amai angapo anabereka ana ao kupita nao ku kiliniki cifukwa ca kutsegula m'mimba. Anthu anati ndi mango aawisi.

Sindichula dzina la mudzi wathu, pakuti zimene ndinaona kumeneko zipezeka m'midzi yambiri. Kuyambira mu 2022, pamene Boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, mathanki ndi mipopi yotere yamangidwa pa masukulu, pa makiliniki ndi pa misika yambiri. Tiyenera kuyamikira zimenezi. Koma, awerengi okondedwa, nchito ya paipi ndi kungotenga madzi kuno kuwapereka uko. Kuyeretsa madzi si nchito yace. Cimene cisunga madzi a pa mpopi kukhala abwino ndi munthu amene awapima tsiku ndi tsiku, nalemba zoona m'buku, nauza anthu msanga zinthu zikalakwika. Kuti muone kulemera kwa mau amenewa, tiyeni tipite kutali pang'ono, ku dziko lolemera kumene simungaganize kuti madzi a pa mpopi angaphe munthu.

ZIMENE ZINACITIKA KU WALKERTON

Walkerton ndi katauni ka alimi m'cigawo ca Ontario, m'dziko la Canada. M'caka ca 2000 munali anthu pafupifupi 4,800, ocepa kuposa okhala pa maboma athu ambiri. Madzi ao anali kucokera m'zitsime zokumba ndi makina, ndipo m'nyumba zao munali mipopi. Cimodzi ca zitsimezo, cimene anali kucicha Citsime 5, cinali cosazama, ca mamita 15 okha, ndipo cinakumbidwa pa thanthwe la ming'alu pafupi ndi munda wa mlimi woweta ng'ombe.

Ca kumapeto kwa April mlimiyo anathira manyowa a ng'ombe m'munda mwace monga acitira mlimi ali yense. Kuyambira pa 8 mpaka pa 12 May kunagwa mvula yamphamvu, ndipo madzi a mvulawo anatenga tizirombo ta m'ndowe napita nato pansi kudzera m'ming'alu ya thanthwe mpaka m'citsime. Tina mwa tizirombo timeneti tinali ta mtundu woopsa wa E. coli wochedwa O157:H7. Mtundu umenewu ukhala m'matumbo a ng'ombe osaidwalitsa, koma ukalowa mwa munthu ubweretsa kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo mwa ana ang'ono ukhoza kuononga impso.

Litsiro linali lambiri kotero kuti linamaliza klorini yense amene anali m'madzimo. Munthu akadapima madzi masiku amenewo akadaona pomwepo kuti klorini watha, natseka citsimeco. Koma oyang'anira madzi a tauniyo anali amuna awiri a mimba imodzi, amene anagwira nchitoyo zaka zambiri popanda maphunziro okwanira. Iwowa anali atasiya kale cizolowezi ca kupima klorini tsiku ndi tsiku. Anali kungolemba m'buku manambala a m'mutu. Anali kuthira klorini wocepa kuposa muyeso, cifukwa anthu ena anali kudandaula ndi pfungo lace, ndiponso cifukwa iwo eni anakhulupirira kuti madzi a pansi pa nthaka ndi oyera mwa cibadwidwe cao. Umboni wa cikhulupiriro caoco ndi wakuti iwo omwe anali kumwa madzi a pa citsime asanathiridwe mankhwala. Sanali anthu ofuna kupha anzao. Anali atangozolowera kuona madzi oyera, monga azakhali anga.

Pa 17 May opima madzi anatumiza cidziwitso cakuti m'madzi a tauniyo muli E. coli. Mkulu wa abale awiriwo, amene ndiye anali manijala, sanauze a zaumoyo. Tsiku lotsatira, dokotala wina wa ana anadabwa kulandira ana awiri ocokera ku tauni imodzi ali ndi matenda ofanana, ndipo pa 19 May anadziwitsa a zaumoyo. Iwo anaimba lamya kufunsa za madzi pa 19 May ndiponso pa 20 May, nauzidwa kuti madzi ali bwino. Nthawi yomweyo manijalayo anali kutsuka mapaipi ndi kuonjeza klorini mwakacetecete. Pa 21 May a zaumoyo analeka kudalira mau ace, nalengeza kuti munthu ali yense aphitse madzi asanamwe. Tsiku lotsatira munthu woyamba anamwalira. Pomaliza pace anthu 7 anafa, mmodzi wa iwo mwana wa zaka ziwiri, ndipo anthu pafupifupi 2,300 anadwala. Eni tauniyo anapitiriza kuphitsa madzi mpaka mu December.

Boma la Ontario linasankha woweruza milandu Dennis O'Connor kuti afufuze nkhaniyi, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2002. Iye anapeza kuti mlimi uja analibe mlandu, pakuti anatsata njira zoyenera za ulimi. Anapeza kuti a zaumoyo akadauzidwa zoona pa 19 May, anthu 300 kapena 400 sakadadwala. Koma sanalekezere pa abale awiri aja. Anaonetsa kuti akuluakulu osankhidwa kuyang'anira bungwe la madzi la tauniyo anali kusamala kwambiri za ndalama, osafunsa za ubwino wa madzi. Kuti oyendera a Boma anaona zolakwa mu 1998 koma sanaumirize kuti zikonzedwe. Ndiponso kuti pamene Boma linasiya nchito yopima madzi m'manja mwa makampani mu 1996, silinaike lamulo lowakakamiza kuuza a zaumoyo akapeza coipa. Caka comweco ca 2002 Ontario inapanga lamulo latsopano la madzi akumwa, ndipo mu 2004 manijala uja anagamulidwa kukhala m'ndende caka cimodzi, mng'ono wace miyezi 9 ya ukaidi wa pa nyumba.

Tsono taonani zinthu zimene zinakumana ku Walkerton: ng'ombe pafupi ndi citsime, mvula yamphamvu, klorini wocepa, ndi komiti yodziwa za ndalama zokha. Palibe cimodzi mwa zimenezi cimene ciri cacilendo kwathu kuno. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tsopano tibwerere kumudzi, tione kumene nyererezo zilowera.

MAKOMO ANAI OLOWERA LITSIRO

Khomo loyamba liri pa citsime peni peni. Ambiri tiganiza kuti madzi ocokera pansi sangakhale ndi litsiro, ndipo n'zoona kuti dothi ndi mcenga zimasefa madzi pamene atsika. Koma pamene pali thanthwe long'ambika, kapena pamene simenti ya pakamwa pa citsime yasweka, madzi a pamwamba amatsika msanga osasefedwa. N'cifukwa cace malamulo a dziko lathu a mu 2018 okhudza zitsime zokumba ndi makina afuna kuti pakati pa citsime ndi cimbudzi pakhale mamita osacepera 30. Khola la ng'ombe ndi dzala ziyeneranso kukhala kutali, ndipo zikhale kumunsi kwa citsime, osati kumtunda kwace. Tikumbukire kuti mudzi umakula. Citsime cimene cinali pa chire tsiku limene cinakumbidwa, pakapita zaka zisanu cipezeka pakati pa nyumba, ndipo nyumba iri yonse iri ndi cimbudzi cace. Anyakwawa pogawa malo omangapo aziyamba ayang'ana kumene kuli citsime.

Khomo laciwiri ndi thanki. Thanki lopanda cibvundikiro cokwana bwino lisanduka nyumba ya mbalame, abuluzi ndi mileme, ndipo zitosi zao zigwera m'madzi amene mudzi wonse udzamwa. Pansi pa thanki pamaunjikana matope pang'ono pang'ono, ndipo matope amenewa amadya klorini asanagwire nchito yace. Thanki liyenera kukhutulidwa, kutsukidwa bwino lomwe ndi kucapidwa ndi klorini kamodzi kapena kawiri pa caka, makamaka mvula isanayambe.

Khomo lacitatu ndilo losadziwika kwa anthu ambiri. Paipi yodzala ndi madzi othamanga ikabooka, madzi amatulukira kunja, ndipo litsiro silipeza polowera. Koma mipopi ya masola siyenda usana ndi usiku. Dzuwa likalowa, kapena kukacita mitambo masiku awiri, thanki limaphwa ndipo paipi imatsala yopanda kanthu. Pamene madzi otsala atsetsereka kupita kumunsi, paipi imayamwa ciri conse cimene ciri pa bowo lija, monga momwe munthu ayamwira madzi ndi bango. Thope limene nkhumba zagonapo usana lilowa m'paipi usiku, ndipo amene alawirira kutunga m'mawa ndiye alandira. Zomwezi zicitikanso m'matauni magetsi akazima ndi makina opopa akaima. Motero paipi yodontha isamaonedwe ngati kungotaya madzi cabe. Ndi bala lotseguka pa thupi la mudzi, ndipo mphira wa njinga sungalipoletse.

Khomo lacinai liri m'nyumba mwathu. Madzi angatuluke pa mpopi ali abwino, koma ndowa yosatsuka, masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike poyenda, ndi cikho cimene ali yense amiza pamodzi ndi zala zace, zibwezeramo litsiro lomwe lija tinalithawa ku dambo. Cigubu ca kukamwa kwakung'ono cokhala ndi citsekero ciposa mtsuko wa kukamwa kwakukulu, cifukwa dzanja la mwana silingalowemo.

MIYESO YOYENERA KUIDZIWA

Diso, mphuno ndi lilime sizingathe kuweruza madzi, pakuti tizirombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi tiribe mtundu ngakhale pfungo. Pali miyeso iwiri imene mudzi uli wonse wokhala ndi mipopi uyenera kuidziwa.

Muyeso woyamba ndi wa klorini wotsala. Klorini akathiridwa m'thanki, wina amatha polimbana ndi litsiro, ndipo wotsalayo ndiye mlonda amene aperekeza madzi m'paipi mpaka m'ndowa. Bungwe la World Health Organization lilangiza kuti pa mpopi uli wonse, ngakhale wotsiriza weni weni, pazipezeka klorini wosacepera mamiligiramu 0.2 pa lita imodzi, ndipo nthawi ya mliri muyesowu umakwezedwa kufika pa 0.5 kapena kuposerapo. Kupima kwace n'kosabvuta. Muthira madzi m'kabotolo kopimira, muponyamo kam'bulu kochedwa DPD, ndipo madziwo asanduka ofiirira. Kenaka muyerekeza mtunduwo ndi manambala olembedwa pambali pace. Mwana wa Grade 7 angaphunzire nchitoyi tsiku limodzi. Madzi akapanda kusintha mtundu, ndiye kuti mlonda wathawa, ndipo mudzi uyenera kudziwa tsiku lomwelo. Inu amene mudana ndi kapfungo ka klorini, dziwani kuti kapfungo komweko ndiko cizindikiro cakuti mlonda akali pa nchito.

Muyeso waciwiri ndi wa E. coli. Kacirombo kameneka kakhala m'matumbo a anthu ndi a nyama. Mitundu yace yambiri siidwalitsa, koma kakapezeka m'madzi ndi umboni wakuti zonyansa za m'mimba zalowamo, ndipo pamene zimenezo zadzera, tizirombo toopsa tikhoza kudzeranso. Muyeso wa World Health Organization, umene ulinso muyeso wa Zambia Bureau of Standards, ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Kupima kumeneku ndi nchito ya a zaumoyo, amene atenga madzi m'mabotolo oyera kupita nao kopimira. Palinso timabotolo tapadera tocipa timene madzi ace amada bii pakapita tsiku limodzi kapena awiri ngati muli zonyansa. Timeneti tithandiza kucenjeza mudzi pamene zotsatira zeni zeni ziri kudikiridwa.

Pali zinthu zina za m'madzi zimene klorini ndi moto sizingacotse, ndipo n'cifukwa cace citsime catsopano ciyenera kupimidwa cisanatsegulidwe. Naitireti, wocokera ku feteleza ndi ku zimbudzi, akapitirira mamiligiramu 50 pa lita aika pangozi makanda amene amwetsedwa mkaka wosungunula ndi madzi, ndipo kuphitsa kumangomuonjezera mphamvu cifukwa madzi ndiwo aphwa. Fulorayidi, wocokera m'miyala, akapitirira mamiligiramu 1.5 pa lita amathimbiriritsa mano a ana. Citsulo ca m'madzi, cimene cifiiritsa zobvala ndi kudetsa tiyi, sicidwalitsa kweni kweni, koma bvuto lace ndi lakuti anthu akanyansidwa naco abwerera ku madzi a pa dambo amene ali oopsa koposa.

UDINDO UMENEWU NGWA YANI?

Ife a m'Zambia sitifunika kupita ku Canada kuti tidziwe zimene madzi oipa acita. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unafika m'zigawo zonse 10 za dziko lino, unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu January 2024 anatsegulidwa mu February. Mudzi wa kutali ndi cipatala, umene anthu ace onse amwa pa thanki limodzi, uli pa ngozi yaikulu, pakuti citsime ca banja limodzi cikaipa adwala a pa banjapo, koma thanki likaipa udwala mudzi wonse tsiku limodzi.

Lamulo la madzi ndi ukhondo la mu 1997 linaika udindo wopereka madzi m'manja mwa makhonsolo, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe la NWASCO, limene linayamba nchito mu 2000 kuyang'anira opereka madzi. Bungwe la WARMA, lobadwa ndi lamulo la mu 2011, liyang'anira mitsinje ndi madzi a pansi pa nthaka, ndipo ndiko kulembetsedwa zitsime zokumba ndi makina. Pa kiliniki pali a zaumoyo oona za ukhondo, ndipo m'midzi muli makomiti a V-WASHE. Maofesi onsewa alipo cifukwa ca inu, ndipo kufunsa kwa iwo si mwano. Safunsa anadya phula.

Koma wa ku ofesi sangafike pa mpopi wanu m'mawa uli wonse. Cifukwa cace ndipempha komiti iri yonse ya madzi kuti pambali pa buku la ndalama pakhale buku laciwiri, buku la madzi. M'buku limeneli muzilembedwa tsiku, dzina la wopima, muyeso wa klorini pa mpopi woyamba ndi pa wotsiriza, tsiku limene thanki latsukidwa, ndi malo amene paipi yakonzedwa. Tsiku limene simunapime, siyani mzere wopanda kanthu. Mzere wopanda kanthu uuza mudzi kuti pali coperewera, koma nambala yabodza igonetsa anthu tulo, ndipo ndi manambala otere amene anadzaza mabuku a ku Walkerton. Bukuli liziwerengedwa pa msonkhano wa mudzi pamaso pa anyakwawa, ndipo amai, amene ndiwo atunga madzi ndi kudwazika ana, akhale ndi mau pamenepo.

Pa ndalama zimene musonkha mwezi ndi mwezi, patulani gawo la klorini ndi tim'bulu topimira musanaganize za cina ciri conse. Pemphani a zaumoyo kuti adzatenge madzi kukapima mvula yoyamba ikangogwa ndiponso pakati pa dzinja, ndipo zotsatira zace zimatidwe pa sukulu kapena pa kiliniki kuti ali yense aziona. Ndipo inu makhansala ndi a makomiti ogawa ndalama za citukuko, pobvomereza nchito ya mipopi funsani womanga kuti makina othira klorini ali kuti, ndani adzaphunzitsidwa kuwayendetsa, ndipo zopimira zidzacokera kuti caka ca mawa. Walira mvula walira matope: wopempha mpopi wapemphanso nchito youyang'anira.

Cotsiriza ndi cobvuta koposa. Tsiku limene wopima apeza kuti madzi aipa, anene. M'midzi mwathu tonse ndife pacibale, ndipo munthu aopa kucititsa manyazi atsibweni ace amene ali mkulu wa komiti, kapena aopa kuti anthu adzati ndiye waononga madzi. Manijala wa ku Walkerton anakhala cete masiku angapo, ndipo tamva mtengo wa masiku amenewo. Wonena msanga kuti "phitsani madzi" ayenera kuthokozedwa, ngakhale pambuyo pace zitadziwika kuti ngozi inali yocepa.

ZOCITA PA NYUMBA

Pamene mudzi uli kukonza zonsezi, banja liri lonse lidzichinjirize lokha. Madzi akatuluka a mbuu, mvula yamphamvu ikagwa, mpopi ukakhala wouma kenaka n'kuyambanso, kapena mukamva kuti ana a nyumba zingapo atsegula m'mimba nthawi imodzi, musamwe madziwo osawakonza. Aphitseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, muwasiye azizire m'mphika womwewo wobvundikira. Nkhuni zikabvuta, thirani klorini wa m'botolo, monga Clorin amene anayamba kugulitsidwa m'dziko lino mu 1998, potsata muyeso wolembedwa pa botolopo, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera, cifukwa klorini sagwira bwino nchito m'matope.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, cimene cipha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni madzi a ORS, amene ambiri tiwadziwa ndi dzina lakuti Madzi a Moyo. Paketi ikasowa, sungunulani masipuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi ophitsa, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Mukaona magazi m'cimbudzi cace, kapena cimbudzi ca madzi okha okha conga madzi otsukira mpunga, kapena mwana akalefuka ndi kukana kumwa, thamangani naye ku kiliniki nthawi yomweyo, ndipo mukafika uzani a zaumoyo mpopi umene mumwako. Mau amenewo akhoza kupulumutsa ana a anansi anu.

Tsiku lobwerera ku nchito ndinapeza azakhali akhuthulira nyemba m'thumba. Anandiyang'ana nati: "Usaganize kuti ndamva za azungu ako a ku Canada aja. Ndaona nkhumba zija ndi maso angawa, basi." Mphika unabwerera pa mafuwa. Mkulu wa komiti naye anandiperekeza mpaka pa msewu, ndipo m'njira anandifunsa mtengo wa cibvundikiro ca thanki ndi kumene tim'bulu topimira tipezeka. Ndinamuuza kuti ayambire pa kiliniki. Inunso awerengi, sabata lino tatsatani paipi ya m'mudzi mwanu kucokera pa thanki mpaka pa mpopi wotsiriza, ndipo mukafika kwa a komiti muwafunse mwaulemu kuti akuonetseni buku la madzi. Mutilembere zimene mudzapeza.